Eufloria: munda wa mlengalenga umene sudziwa nyengo

Magemu ambiri a pa foni ndi pa kompyuta amapangidwa kuti mtima wa wosewera uzigunda mofulumira. Kuno ku Senga Bay, monganso m'malo ena ochitira malonda m'dziko muno, phokoso la anyamata likamveka m'kachipinda ka magemu timadziwiratu kuti ndi mpira wa pa PlayStation kapena ndi nkhonya. Wina wagoletsa, wina akukana kuti chigolicho n'chamwayi, ena akudikira mpata wawo ndalama zili m'manja. Koma ulipo mtundu wina wa magemu umene cholinga chake n'kukhazika mtima pansi, ndipo mwa onse a mtundu umenewu Eufloria ndi imene ndikufuna tiiunike mofatsa, chifukwa inayesa chinthu chovuta. Inatenga nkhondo, yomwe ndi liwiro ndi phokoso, n'kuisandutsa ntchito yochitika mwa bata. Mbali ina inatheka bwino kwambiri. Mbali ina inakanika, ndipo chimene chinakanikacho chimaonekera msanga kwa munthu amene anakulira pafupi ndi bawo.

Gemuyi anaipanga ndi anthu awiri, Alex May wa ku Britain ndi Rudolf Kremers wochokera ku Netherlands, ndipo nyimbo zake anapeka ndi Brian Grainger wa ku America, amene pa zoimba amadziwika ndi dzina loti Milieu. Inayamba mu 2008 ngati kantchito ka mpikisano wa gulu la TIGSource, momwe opikisana ankayenera kupanga gemu yoti kompyuta izidzipangira yokha zina mwa zooneka m'katimo. Nthawi imeneyo inkatchedwa Dyson, potengera dzina la wasayansi Freeman Dyson, amene anaganizapo zoti tsiku lina anthu angadzapange mitengo yotha kumera pa nyenyezi za mchira. Mu 2009 inafika m'ndime yomaliza ya mpikisano wa Independent Games Festival, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho inatuluka pa makompyuta ndi dzina lake latsopanoli. Mu 2011 inafika pa PlayStation 3, mu 2012 pa iPad, kenako pa mafoni a Android, omwe ndiwo ali m'manja mwa ambiri kuno.

Kaseweredwe kake sikavuta kufotokoza. Pa sikirini pamaoneka miyala yozungulira yoyandama mlengalenga. Mumayamba ndi mwala umodzi ndi timbewu tochepa touluka mouzungulira. Mukapereka timbewu khumi timalowa pansi n'kumera mtengo umodzi, muzu wake n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka pakati penipeni pa mwala, ndipo ukafika pamenepo mwalawo wasanduka wanu. Mtengo ukakula umabala timbewu tina, timene mumatitumiza ku mwala wapafupi kuti tikabzalenso. Mitengo yofunika kwambiri ndi ya mitundu iwiri, wobala mbewu ndi wolondera, umene umaponyera adani zipatso zophulika. Mwala uliwonse uli ndi muyeso wake wa kulimba, mphamvu ndi liwiro, ndipo kambewu kobadwira pamenepo kamatengera zomwezo, moti pena pamabadwa timbewu taliwiro koma tosachedwa kufa, pena tochedwa kuyenda koma tolimba. Kutsogolo mumakumana ndi eni miyala ena. Kuti mulande mwala wawo muyenera kugonjetsa timbewu tawo, kugwetsa mtengo umodzi, kenako timbewu tanu titsike ndi njira ya muzu wa mtengowo mpaka pakati pa mwala. Nkhondo yonse ndi imeneyo.

Chimene chimayamba kugwira munthu ndi maonekedwe. Pafupifupi aliyense amene amajambula mlengalenga amaujambula wakuda, wodzaza ndi zombo zachitsulo ndi moto. May ndi Kremers anasankha kumbuyo koyera mombuwirira, kokhala ndi mitundu yofewa, ngati pepala lakale. Mukayandikitsa chithunzi ndi zala ziwiri mumaona mtengo ukutulutsa nthambi imodzi, nthambiyo n'kugawika pawiri, iliyonse n'kugawikanso, ndipo kunsonga kambewu kakutupa mpaka kuthothoka n'kuyamba kuuluka. Pansi pake muzu sutsika mowongoka, umakhotakhota ngati ukufufuza njira. Palibe mitengo iwiri yofanana, chifukwa siinajambulidwe ndi dzanja, imamera motsata lamulo limene opanga anailembera. Ndipo kukongolaku sikungokongoletsa chabe, kumagwira ntchito. Maonekedwe a kambewu, kutalika kwa mphuno yake, kukula kwa mapiko ndi thupi lake, ndi amene amakuuzani kuti ndi kamphamvu, kaliwiro kapena kolimba. Zimene magemu ena amaika m'manambala odzaza m'mphepete mwa sikirini, pano zili m'chithunzi chenichenicho, ndipo diso limaphunzira kuziwerenga popanda kuuzidwa. Gemuyi ilinso ndi kaseweredwe kena kovutirapo kotchedwa Dark Matter, momwe kumbuyo kumada bii. Mukatalikitsa chithunzi, timbewu tambirimbiri timangotsala timadontho towala mumdima, ndipo munthu wa kuno sangalephere kuona nyali za asodzi a usipa monga zimaonekera uli pamchenga usiku wopanda mwezi.

Chachiwiri ndi nyimbo. Ife tinakulira m'nyimbo zimene ng'oma imatsogolera. Ngakhale m'tchalitchi phazi limafuna pogunda. Nyimbo za Grainger sizitero. Ndi mawu aatali a zipangizo zamagetsi, amene amabwera mwakachetechete, kukhala kanthawi, n'kusungunukira m'mawu ena, popanda kolasi yoti muiyembekezere. Mtundu umenewu wa nyimbo anautchukitsa Brian Eno ndi chimbale chake cha mu 1978, Music for Airports, ndipo maganizo ake anali oti nyimbo ikhoza kudzaza malo monga kuwala kumadzazira chipinda, wofuna kumvetsera amvetsere, wosafuna isamusokoneze. Mu Eufloria nyimbo zotere zimalamulira chala. Popeza palibe ng'oma yokufulumizitsani, simufulumira. Ngakhale adani akatera pa mwala wanu, nyimbo sisintha n'kukhala ya nkhondo, ndipo kuwomberana kwa timbewu kumamveka ngati tiphokoso tating'ono patali. Amene amaisewera pa sipika ya foni ali pagulu amataya theka la ntchito imeneyi, imafuna mahedifoni.

Chachitatu ndi mtunda umene gemu imaika pakati pa lamulo ndi zotsatira zake. Mu StarCraft, gemu ya nkhondo ya mlengalenga imene kampani ya Blizzard inatulutsa mu 1998, akatswiri amadina mazanamazana pa mphindi imodzi, ndipo wa zala zochedwa amagonja ngakhale mapulani ake ali abwino. Mu Eufloria mumangonena kuti timbewu tingati tichoke pati kupita pati. Tikanyamuka mumangotiperekeza ndi maso, ndipo tikafika timamenya nkhondo tokha. Pa mwala umene simunafikepo sizidziwika zimene zilipo mpaka mutatumizako kambewu kamodzi kokazonda, ndipo nthawi imene kakuwoloka kokhakokha, inu osadziwa ngati kakapeza malo opanda mwini kapena khamu la adani, ndi imodzi mwa nthawi zokoma kwambiri m'gemu yonse. Kumayambiriro kwa gawo lililonse pamakhalanso funso lenileni. Muli ndi timbewu khumi ndi tiwiri. Mukabzala mtengo mutsala ndi tiwiri tokha tolondera, koma mawa mudzakhala ndi tambiri. Mukatisunga muli otetezeka lero, koma mnzanu kutsidyako akukula. Pamenepo mutu umagwira ntchito mtima uli m'malo, ndipo zimenezi n'zimene gemuyi inalonjeza. Onjezanipo kuti mukaiika m'foni siifunanso bandulo, simakuimitsani ndi zotsatsa malonda, ndipo mukhoza kuiimitsa wina akakuitanani, mumvetsa chifukwa chake munthu wotopa ndi ntchito ya tsiku lonse angaikonde.

Vuto limayamba mukagwira miyala inayi kapena isanu. Mtengo wa mu Eufloria sufuna madzi, sufuna manyowa, sukalamba, ndipo mwala sutopa ndi kubala. Mukangobzala, mbewu zimabwera zokha mpaka kalekale. Opanga anaika malire pa kuchuluka kwa timbewu timene mitengo ya pa mwala umodzi ingabale, koma mukatisamutsira pa mwala wina mitengoyo imayambiranso. Choncho njira yopambanira pafupifupi gawo lililonse imakhala imodzi: khalani chete, unjikani timbewu tambirimbiri pamalo amodzi, kenako titumizeni tonse pamodzi. Kusiyana kuja kwa mphamvu, liwiro ndi kulimba, kumene kunajambulidwa mwaluso chonchija, kumasiya kuwerengeredwa, chifukwa khamu lalikulu limaphimba chilichonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wodekhayo maso ake amakhala ali pa nkhono. Pano mukhoza kuika foni pansi, kupita kukatunga madzi, pobwera n'kupeza asilikali anu achuluka. Kudekha kwasanduka kungodikira. M'makope otuluka pambuyo pake muli batani lofulumizitsira nthawi, ndipo kwa ine batani limeneli ndi umboni woti m'katikati mwa gemu muli mphindi zambiri zopanda chosankha. Ikanakhala kuti mphindi iliyonse ili ndi kanthu, palibe akanafuna kuidumpha.

Apa ndi pamene bawo limatithandiza kuona bwino. Pa msewu wotsikira ku nyanja kuno amisiri osema amagulitsa mabawo kwa alendo, ndipo pamithunzi ya kugombe asodzi amene achezera usiku wonse pamadzi amalisewera masana. Nalonso ndi masewera a njere, nalonso n'lofatsa. Palibe wothamanga, palibe wotchi. Lili ndi maenje 32 m'mizere inayi ndi njere 64, ndipo chiwerengero chimenechi sichikula. Njere imene mwadya kwa mnzanu sichoka pa bawo, imalowa kumbali kwanu, komwe iyenso angathe kuidyanso. Mulu waukulu mu mzere wakutsogolo ndi chuma, koma ndi nyambonso, chifukwa mnzanu akaupeza mpata amaukokolola wonse kamodzi. Simungakane kusewera nthawi yanu ikafika, ndipo pakakhala podya muyenera kudya, ngakhale mukuona kuti kudyako kukutsegulirani ngozi. Taonani munthu wodziwa bawo asanagwire njere. Chala chake chimayenda pamwamba pa maenje osakhudza, milomo ikuwerenga chamumtima, kuona pamene njere yomaliza ikagwere, ngati ikadye, ikapitirire kapena ikagone, ndiponso ngati nyumba yake, dzenje lake lapadera pa bawo, ikhala yotetezeka akamaliza. Thupi lake lili phee, koma palibe mphindi imene mutu wake ukupuma. Bata la bawo limachokera m'kuchuluka kwa zofunika kuziganizira. Bata la Eufloria, likadutsa poyambira paja, limachokera m'kuchepa kwake.

Wina anganene kuti gemu ya pa kompyuta yofatsa singakhale ndi kulemera koteroko. Osmos, imene Hemisphere Games inatulutsa m'chaka chomwecho cha 2009, imatsutsa zimenezo. Nayonso ili ndi nyimbo zoyenda pang'onopang'ono ndi zinthu zozungulira zoyandama. Mumakhala kadontho kamene kamakula pomeza timadontho tocheperapo n'kumathawa tokulirapo. Koma kuti muyende muyenera kulavula kachidutswa ka thupi lanu lomwe, moti kusuntha kulikonse kumakuchepetsani, ndipo chimene mwalavulacho chikhoza kukanenepetsa mdani. Lamulo limodzi lokhali limachititsa kuti kudikira kukhale chosankha, osati chizolowezi: mumadikira chifukwa mwawerengera kuti kuyenda kukudyerani zambiri. Eufloria ili ndi malamulo ambiri kuposa Osmos, koma ilibe limodzi lotere lopitirira mpaka kumapeto.

Chofooka china ndi mdani. Eufloria imaseweredwa ndi munthu mmodzi polimbana ndi kompyuta, ndipo kompyutayo mukaizolowera imadziwika mayendedwe ake. Imatumiza timagulu tating'ono motsatizana, siidziwa kunamizira kufooka, siikumbukira mmene munaigonjetsera dzulo. Pa bawo munthu amene munamudya dzulo amabwera lero atakonza njira ina, ndipo oonerera, ngakhale akudziwa kuti sayenera kulowerera, amang'ung'udza mukaphonya podya. Zonsezi ndi mbali ya masewerawo. Nkhani imene Eufloria imafotokoza siikwanitsa kudzaza malo a munthu wachiwiriyo. Imabwera m'timawu tochepa tolembedwa kumayambiriro kwa magawo, tonena za Mtengo Mayi umene umakutumani, za alimi akale amene akuyembekezeka kubwerera, ndi za timbewu totuwa togwidwa ndi matenda a ukali. Maganizo ake ndi abwino, makamaka oti adani ena ndi abale odwala, koma sasintha chimene chala chanu chikuchita. M'magawo 25 a nkhaniyi ntchito imakhala pafupifupi yomweyo, ndipo ambiri amatha mofanana: mwapambana kale, aliyense akuona, koma muyenera kuyendabe mwala ndi mwala kusesa otsalira.

Chimene chimandivuta kwambiri, komabe, ndi chithunzi cha ulimi chimene gemuyi imapereka. Imalankhula chinenero cha mbewu, mizu ndi maluwa, koma mtima wake ndi kufutukula malire mpaka pasatsale mwala wa wina. Kukula kulibe chotchinga china koma mdani, ndipo mdani akatha palibe chotsala choti muchisamale. Kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja, amene taona ndi maso athu chambo chikuchepa pamsika ndi kukwera mtengo, dziko lobala kosatopa ndi loto lachilendo. Moyo wa kuno umayendera nyengo. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira mabwato amakhala pamtunda. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikoka usipa, ndipo asodzi amapuma. Kumpoto kwathu, m'dera la Mfumu Makanjira m'boma lomwe lino la Salima, chilumba cha Mbenji chimatsekedwa chaka ndi chaka m'nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo utaka umene asodzi amaupeza chikatsegulidwa ndi malipiro a kudziletsako. Kumeneko kudikira kuli ndi mtengo wake, chifukwa banja limadya m'miyezi yotsekayo, ndipo kuli ndi yesero, chifukwa nsomba zili pomwepo ndipo wina akhoza kuzembera usiku.

Tangoganizani Eufloria itakhala ndi chimodzi chokha mwa zimenezi. Mwala utamachepa mphamvu mukaudzaza mitengo, n'kumabwerera mwakale mukausiya upume. Kapena patamabwera nyengo imene timbewu sitingawoloke, moti gulu limene mwatumiza kutali likhale lokha mpaka njira itatseguka. Kuunjika khamu kukanasiya kukhala yankho la funso lililonse, chifukwa khamulo likanadya munda umene unalibala. Gemuyo ikanakhalabe yofatsa, nyimbo zikanakhala zomwezo, mitengo ikanamerabe nthambi ndi nthambi, koma wosewera akanakhala ndi chifukwa choyang'anira sikirini nthawi yonse. Bata silikanachepa. Likanangosiya kukhala lopanda kanthu.

Ndikumva amene anganene kuti ndikupempha kwa gemuyi chimene sinalonjeze, kuti inapangidwira kupumula, ndipo munthu wobwera ku ntchito atatopa safuna kuwerengera ngati ali pa bawo. Pali choonadi pamenepo, ndipo sindichipeputsa. Pakati pa magemu ambirimbiri opangidwa kuti akukolereni ndi kukudyerani ndalama pang'onopang'ono, kupeza imodzi imene imakulemekezani, yosakukalipirani, yosakuopsezani ndi wotchi, ndi chinthu chamtengo wapatali. Kwa mwana kapena wamkulu amene sanasewerepo gemu yolinganiza nkhondo, iyi ndi khomo labwino lolowera, chifukwa imaphunzitsa kuzonda, kusunga ndi kusankha nthawi popanda kumulanga chifukwa cha zala zochedwa. Koma sindivomereza kuti kupumula ndi kuganiza n'zosemphana. Asodzi aja amakhala pa bawo atatopa kuposa ambiri a ife, ndipo amadzuka pamenepo atapumula, chifukwa mutu umene wamira m'chinthu chimodzi umasiya kulimbana ndi nkhawa zina zonse. Mutu umene wangopatsidwa chokongola choti uziyang'ana sukhalitsa, umabwerera ku ngongole ndi ku mavuto a mawa. N'chifukwa chake maola oyamba a Eufloria, pamene timbewu tili tochepa ndipo chosankha chilichonse chili ndi zotsatira, ndi amene amapumulitsa kwambiri, osati omaliza pamene zonse zaphweka.

Chigamulo changa n'choti Eufloria ndi ntchito yokongola imene inamalizidwa bwino m'maso ndi m'makutu, koma inatsala theka m'malamulo ake. Ndi yoyenera kuisewera, makamaka magawo oyambirira ndi kaseweredwe ka Dark Matter komwe mdani amalimbako, ndipo ndi yoyenera kuiphunzira kwa wachinyamata aliyense wa kuno amene akuphunzira kulemba mapulogalamu ndipo akulota zopanga gemu yakeyake. Aphunzirepo kuti anthu awiri ndi woimba mmodzi akhoza kupanga chinthu chofika m'maiko ambiri popanda zithunzi zodula, kuti chithunzi chikhoza kunyamula uthenga m'malo mwa manambala, ndi kuti nyimbo imalamulira liwiro la wosewera. Koma malamulo asakawatenge kumeneko. Akhale pansi pafupi ndi bawo, aone mmene njere 64 zosachuluka zimasungira anthu awiri tcheru kwa maola, afunse asodzi chifukwa chimene Mbenji amatsekera ndi chimene chimachitika wina akaphwanya lamulo. Amene adzaphatikize kufatsa kwa Eufloria ndi lamulo loti chilichonse chimene watenga chili ndi pochokera ndipo chikhoza kutha, adzapanga gemu yabwino kuposa iyi, ndipo zipangizo zake ali nazo kale pakhomo.